Mpanda wa Pachigono

Inu ana, Mwayi, Chisomo ndi iwe Limbani, ndikulemba izi m'kope chifukwa pakamwa sindingathe. Ndikayamba kuyankhula mawu amandithera panjira, inu n'kuyamba kuyang'anana. Mudzawerenge mukadzakula pang'ono. Mwayi, ndiwe mwana wanga ndiponso wamkulu pa atatunu, choncho kope usunge ndiwe. Chisomo ndi Limbani, inu mumanditcha agogo poti agogo anu enieni ndi mkulu wake wa malemu mkazi wanga Esinati. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, imvi ndilibe, mano onse alipo, koma Limbani akandiona ndikukwera chitunda amathamanga kudzandipatsa ndodo. Chabwino. Poti ugogo munandipatsa nokha, lero ndiugwiritsa ntchito. Khalani pansi ndikuuzeni za kale.

Inu Pachigono mumapadziwa ngati malo a mpanda wawaya ndi geti lobiriwira, kumene mumakakanikiza mphuno pawaya kuonera magalimoto okhala ndi makatani. Kale sipanali choncho. Panali bwalo la udzu pansi pa mitengo ya mbawa, pomwe njira yochoka kumapiri kuno imayamba kutsikira powolokera mtsinje kupita ku Lisungwi. Nthaka inali ya mbumba ya agogo anu aakulu, Anambewe, amene kwa ine ndi apongozi, koma makolo awo anaisiya kuti ikhale ya apaulendo. Wotsika ndi katundu, wokwera, wonyamula wodwala, aliyense ankapumulapo, ena kugona kumene, osapempha munthu. Panali chisakasa cha udzu, mafuwa atatu akuda bii, ndi chitini cha mchere chopachika pamsomali. Lamulo linali limodzi lokha, losalembedwa paliponse: nkhuni zomwe wapeza uwotche, koma usanachoke utole zina, usiyire wobwera pambuyo pako. Mchere ukatapa, tsiku lina udzathiremo.

Inu a masiku ano mukafuna kupita ku Lisungwi mumaimba foni, njinga yamoto n'kudzakutengani pakhomo, mukafika n'kumadandaula msana. Kale anthu ankatsika ndi madengu a manachesi pamutu, matumba a mbatatesi panjinga yakapalasa yopanda mabuleki, wina kumbuyo atagwira chingwe kuti isathawe pamtsetse. A kwathu ku Matope ankakwera ndi milamba yowamba ndi matemba, onse n'kukumana Pachigono. Pamenepo nsomba zinkasinthana ndi mbatatesi popanda wopisa m'thumba. Kamba wa paulendo anali chimanga chokazinga chosakaniza ndi mtedza, ndi chigumu chokulunga m'masamba a nthochi, cholimba moti iwe Chisomo, amene umalira buledi akagona tsiku limodzi, ukanasiyapo dzino.

Ine ndinafika Pachigono koyamba ndili ku koleji ya uphunzitsi, atanditumiza kudzayeserera kuphunzitsa pasukulu ya kuno. Ndinali ndi nsapato zosongoka ndi chikwama cha mabuku. Mvula inandipeza ndisanamalize kukwera, ndiye ndinagona m'chisakasa muja, n'kuwotcha nkhuni zonse zomwe ndinapeza poumitsa malaya. M'mawa ndinapukuta nsapato, ndinanyamula chikwama. Ndisanayende mapazi khumi ndinamva mawu kumbuyo.

"Inu a nsapato!"

Anali mtsikana wamfupi, dengu la manachesi lili pamutu.

"Nkhuni mwawotchazi zinamera zokha m'chisakasamu?"

"Pepani, sindimadziwa kuti zili ndi mwini."

"Mwini wake sanafike. Akubwera madzulo, atanyowa ngati mmene munanyowera inu. Kusukulu kwanuko sakuphunzitsani zimenezi?"

Ndinatula chikwama n'kulowa m'tchire ndi nsapato zanga zosongoka. Iye anaima pomwepo osatula dengu, akundiyang'anira ngati kapitawo. Mtolo woyamba anaukana, akuti zaziwisi. Mwayi, amenewo ndiwo amayi ako. Patatha zaka ziwiri ndinamanga nyumba pamudzi pawo pano.

Tsopano muyenera kumvetsa chikamwini, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Mkamwini amalima munda, amafolera nyumba, amakumba nawo manda, koma nkhani ya nthaka ikafika amayang'ana pansi. Ndi apongozi aakazi sayankhulana maso ndi maso. Zaka khumi ndi chimodzi ine ndi Anambewe sitinapatsanepo moni pamaso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire n'kugwada atandifulatira, ine n'kuvulira chipewa mtengo. Akafuna kuti ndiwakonzere denga ankauza Mwayi, ine ndili pomwepo: "Kawauze bambo ako kuti kwanga kukudontha." Ine n'kuyankha: "Kawauze agogo kuti ndamva." Mwayi ankangotembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku. Musaganize kuti ndinkadana nazo. Ndinkazilemekeza, ndipo ndinkanyadira kuti anthu ankati aphunzitsi aja ngakhale anapita ku koleji sanatukumuke. Kunyada kumeneko mukukumbukire, tikupezanso kutsogoloku.

Magalimoto ogonamo anayamba kufika Mwayi ali ndi zaka zisanu, kudzera msewu wakumtunda uja wozungulira phiri. Ankabwera kudzaona mathithi. Tinawatcha nkhono, poti amayenda atasenza nyumba yawo. Poyamba inkabwera imodzi pamwezi, n'kuima pambali pa chisakasa, ndipo panalibe vuto. Esinati ndiye ankasesa pamalopo Loweruka lililonse osalipidwa, choncho ndiye ankawalandira ndi Chingerezi chake cha sitandade eyiti. Tsiku lina mayi wina wa m'nkhono anamulowetsa m'kati. Anabwera kunyumba atagwira pakamwa.

"Bambo a Mwayi, muli bedi, muli furiji, muli mbaula ya gasi. Ndi chimbudzi chomwe! Munthu kudya apa, kudzithandiza apo."

"Ndiye wagula manachesi?"

"Ali nawo ake m'furiji. Ochokera ku Joni, lililonse lili ndi kapepala."

Tinaseka tonse. Ndikanadziwa sindikanaseka.

Kenako kunamveka kuti kwapatulidwa ndalama za boma zokonzera malo ogona alendo, ndipo Pachigono pali m'gulu. Panakhazikitsidwa komiti, wapampando wake a Likaka, mlongo wawo wa Anambewe, malume ake a Esinati. Kutatsala tsiku limodzi kuti msonkhano uchitike, a Likaka anandipatsa pepala la ndondomeko, lolembedwa m'Chingerezi, kuti ndiwathandize kuwerenga. Ndinaliwerenga kawiri. Zinalembedwa poyera: mpanda kuzungulira malo onse, geti limodzi loyang'ana kumsewu wa magalimoto, chisakasa chigwetsedwe. Ndinawauza a Likaka. Iwo anati, "Zimenezo n'za papepala, aphunzitsi. Tikafika pomanga tidzaona. Musakasokoneze anthu." Ndinamuuzanso Esinati akusenda mbatatesi.

"Ndiye mawa mukanene," anatero.

"Ine ndine mkamwini. Nthaka ndi ya amayi."

"Pepala mwawerenga ndinu kapena amayi?"

"Sindingaime pagulu kutsutsa amalume ako, amayi ali pomwepo."

"Bambo a Mwayi, kudenga mumakwera osaopa, koma kutsegula pakamwa basi?"

Ndinati ndiona. Inu atsikana awiri, mwamuna akadzakuuzani kuti ndiona, mudzadziwe kuti sachita.

Msonkhano unachitikira pansi pa mbawa pomwepo. Kunabwera mayi wina wa ku ofesi, ndi bambo wina wa kampani ya ku Blantyre yogulitsa ndi kubwereketsa nkhonozo, wovala kabudula, magalasi akuda ali pamphumi m'malo mwa m'maso. Dzina lake sindilemba, kope ili ndi loyera. Mayi uja anayankhula zomveka. Anati ndalamazi si za mlatho, si za msewu, ndi za alendo, ndipo tikazikana zipita kwina. Anati chimbudzi chathu chinagwa, chisakasa chikudontha, malo a aliyense akusamalidwa ndi mayi mmodzi yekha, nanga akadwala? Zonsezo zinali zoona, ndipo mpaka lero mayi ameneyo ndilibe naye mawu.

Wa kampani ndiye anathira shuga. Anati magalimoto ake amafuna pamalo posalala, magetsi, madzi a m'paipi, ndi dzenje lotayiramo za m'chimbudzi. "Mukatikonzera zimenezi tikuikani pamapu athu. Amayi inu simudzatsikanso ku Lisungwi ndi dengu. Msika udzakupezani pakhomo." Amayi anaimba nthungululu, ndipo ya Anambewe inamveka pamwamba pa zonse. Sindiwaimba mlandu. Mawondo awo anali atatha ndi mtsetse umenewo.

Esinati anaimirira, akumanga chitenje.

"Zikomo apampando. Ndalamazi ndi za boma, eti? Nanga kampaniyo ikuikapo chiyani?"

"Ife tikubweretsa alendo, mayi," anayankha wa magalasi.

"Alendo tili nawo kale. Amabwera wapansi. Mpanda ukamangidwa adzadutsa pati? Adzagona pati?"

A Likaka anamenya tebulo. "Mpanda wanji? Iwe Esinati, wawerenga pepala liti? Khala pansi, usatichititse manyazi pamaso pa alendo."

Anthu anaseka. Esinati sanakhale pansi nthawi yomweyo. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinali pabenchi ya aphunzitsi, pepala lili m'thumba la malaya. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Kunyumba sanandikalipire. Anaphika, anandipatsa madzi osamba, zonse monga mwa masiku onse. Koma sabata yathunthu ankanditcha aphunzitsi.

Mpanda unamangidwa chilimwe chomwecho, zipilala za njerwa ndi waya wautali kuposa munthu. Chisakasa anachigwetsa tsiku limodzi. Mafuwa anawakunkhunizira kutchire. Chitini cha mchere Esinati anachitola m'zinyalala n'kudzachipachika m'khitchini mwathu. Kampani ija inaikapo chinthu chimodzi chokha, chikwangwani chokhala ndi dzina lake. Nkhono zinachuluka ndithu. Zimabwera ndi madzi ake, nyama yake, mowa wake, manachesi ake, ndipo chomwe zimatisiyira ndi chomwe chimathiridwa m'dzenje muja. Mphepo ikachokera kumeneko inunso mumachidziwa. Oyenda wapansi anayamba kuzungulira kuchigwembe, njira ya mbuzi, yoterera, yotalika katatu kuyerekeza ndi yakale. Ofuna kugona ankapempha pakhonde la tchalitchi. Kusinthana nsomba ndi mbatatesi kunatha, poti anthu sangasinthane kanthu ataima pamalo poti phazi limodzi lili m'mwamba.

Izi zotsatirazi ndilemba mwachidule.

Munali mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi. Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. M'mawa wina zinthu sizinali bwino, ndipo sakanatha kukhala panjinga yamoto. Msewu wakumtunda unali phala lokhalokha. Tinaimba foni kuchipatala, anatiuza kuti galimoto itidikira kutsidya kwa mtsinje. Tinamanga machila ndi nsungwi ziwiri ndi bulangete, amuna anayi n'kunyamula, ine pambali nditagwira dzanja lake.

Pangodya ya mpanda tinaima kuti onyamula asinthe mapewa, pamalo pomwe anthu akhala akusinthira mapewa chiyambire. Kudzera pawaya ndinkaona powolokera, pafupi moti munthu akaitana umamva. Mmodzi wa onyamula anati, "Aphunzitsi, tiphwanye wayayu tidutse." Ine ndinati, "Ayi, ndi katundu wa boma, tipalamula." Ndinanena ine zimenezo, ndi pakamwa pangapa. M'kati munali nkhono imodzi, ya mzungu wachikulire ndi mkazi wake, matope atawatsekereza. Bamboyo anabwera pawaya kufunsa chomwe chachitika, ndinamuyankha m'Chingerezi changa chabwino cha ku koleji, iye n'kuthamangira kugalimoto yake. Sitinamudikire. Tinalowa njira ya kuchigwembe.

Titatsika pang'ono Esinati anatsegula maso, anayang'ana mitengo.

"Tikuzungulira, eti?"

"Eya."

Tili pakati pa chigwembe, onyamula akuterereka ndi mawondo, ndinamva kukuwa kumtunda. Anali mzungu uja, ataimika m'mwamba chodulira waya.

Anamwalira patatha masiku awiri kuchipatala ku Lisungwi, iye ndi mwana yemwe. Anthu a kumeneko anachita zonse zomwe akanatha. Ndinafunsa dokotala ngati tikanafika msanga zikanasintha, anati sangadziwe. Choncho sindikuuzani kuti mpanda unapha amayi ako, Mwayi. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mayi amene anasesa malo aja zaka zonsezo anawalambalala ali pamachila, ndipo anazindikira.

Anthu amati ndinapirira bwino. Ndinabwerera kusukulu patatha milungu iwiri, ndinaphunzitsa masamu, ndinachonga makope. Sindinamete tsitsi, poti wamasiye sameta mpaka abale a malemu atamumasula. Loweruka lililonse ndinkamva nkhono zikudutsa kumtunda, magiya akulira pachitunda, ndipo ndinkapitiriza kuchonga. Limbani, paja unandifunsa tsiku lina chifukwa chomwe cholembera chofiira chimaboola pepala. Ndinakuuza kuti mapepala a masiku ano ndi osalimba. Ndinakunamiza.

Mkwiyo wanga suli pa alendowo. Ambiri ndi okalamba oyendera dziko asanafe, ndipo mmodzi wa iwo anathamangira chodulira waya pamene ine ndinkaopa mlandu. Mkwiyo wanga uli pa amene amagulitsa galimoto n'kudya phindu, koma poimika pake n'kumangitsa ndi ndalama za anthu amene sadzakwerapo galimoto yotero moyo wawo wonse. Uli pa akuluakulu amene amaona ngati mlendo ndi wobwera pamatayala yekha. Ndipo waukulu uli pa mwamuna wina wophunzira amene anayang'ana nsapato.

Mu Januwale chaka chino kunaitanidwa msonkhano wachiwiri, poti gawo lachiwiri la ndalama linali litafika. Funso linali lakuti zipite kuti. Wa kampani ankafuna konkire pabwalo lonse ndi magetsi pamalo oimika galimoto iliyonse. Amayi ena a ku tchalitchi, anzake a Esinati, anapempha kuti paboolerwe timakomo tiwiri, kumtunda ndi kumunsi, oyenda wapansi azidutsa, ndipo chisakasa chimangidwenso pangodya. Mayi wa ku ofesi anati zonse ziwiri n'zololedwa, tisankhe tokha.

Ndinaimirira. Tsitsi linali litakula ngati chisa, ndipo ndinamva anthu akunong'ona.

"Zikomo apampando. Ndikudziwa kuti ndine mkamwini, ndiponso sindinamasulidwe. Koma pepala loyamba lija ndinawerenga ine. Mpanda unalembedwamo. Mkazi wanga atafunsa, munamufunsa kuti wawerenga pepala liti. Linali m'thumba mwanga."

Ndinatembenukira kwa wa magalasi.

"Bwana, galimoto mumagulitsa ndinu. Poimika pake timange ndi ndalama za oyenda wapansi, kenako oyenda wapansiwo tiwatsekere kunja. Kwanu ku Blantyre zimenezi mumazitcha chiyani?"

"Aphunzitsi, pepani ndi zovuta zomwe munakumana nazo," anayankha mofatsa. "Koma alendo athu amafuna bata ndi chitetezo. Anthu akamadutsa pakati ndi mbuzi ndi njinga, malo ano tiwachotsa pamapu. Mudzatsala ndi mpanda wopanda kanthu m'kati."

A Likaka anawonjezera: "Tayamba kale, tibwerere bwanji? Anthu a m'mudzi muno akulondera ndi kutchetcha pamenepa, mabanja awo akudya. Mukawauza ndinu kuti ntchito yatha?"

Zimenezonso zinali zoona. Mwina n'chifukwa chake ndinachita chomwe sindinakonzekere. Ndinatembenukira kumbali ya amayi, pomwe Anambewe anakhala pamkeka.

"Amayi."

Amayi ena anagwira pakamwa. Wina anati, "Ogo!"

"Amayi, msika uja unakupezani pakhomo? Dzana ndinakuonani mukutsika ndi dengu kuchigwembe. Munakhala pansi katatu."

Anambewe anakoka chitenje n'kufunda kumutu, anandifulatira. A Likaka anadzuka.

"Aphunzitsi, mwaledzera? Apongozi anu amenewo!"

"Sindinamwe, amalume. Ndangochedwa."

Kenako anati tivote pokweza manja. A konkire anachuluka, a timakomo tinachepa. Manja a Anambewe anakhala pamiyendo maulendo onse awiri. Ndinapita kunyumba ndikudziwa kuti ndataya njira, ndatayanso ulemu womwe ndinausunga zaka khumi ndi chimodzi. Mwezi wonse sanatume Mwayi ndi uthenga uliwonse, ngakhale denga lawo linkadontha ndithu, ndinkaliona.

Chaka chitakwana anandiitana kuti andisudzule. Inu munalipo, koma mwina simunamvetse. Kusudzula ndi kumasula wamasiye: abale a malemu amamuthokoza, amamumeta, n'kumuuza kuti alibe mangawa, abwerere kwawo akayambe moyo wina. Ana amatsala, poti ndi a pamudzi. Tinapemphera, a Likaka anandimeta ndi lezala pakhonde. Atamaliza anati, "Aphunzitsi, munakhala nafe bwino, kupatula tsiku limodzi. Takumasulani." Ndinati zikomo. Sindinafunse kuti akunena tsiku liti, poti pa zimenezo sitikanagwirizana.

Anthu akubalalika, Anambewe anatulukira kuseri kwa nyumba, khasu paphewa, chikwanje m'manja. Mwayi, iwe unathamanga kudzaima pakati pathu monga mwa chizolowezi, kudikira uthenga.

"Choka apo iwe," anatero agogo ako.

Anandiyang'ana kumaso. Ndi tsiku limenelo ndinadziwa kuti maso a Esinati anatengera kwa ndani.

"Bambo a Mwayi, akumasulani, ndiye palibenso zothawana. Nyamulani chikwanjechi."

Ndinawatsatira mpaka kumunda kwawo. Mukudziwa kuti munda umenewo unagundana ndi mpanda wa Pachigono, ndipo umatsika nawo mpaka kumtsinje, wotchingidwa ndi khonje kumtunda ndi kumunsi chifukwa cha mbuzi. Chimanga chinali chitamasula, chobiriwira bwino, chabwino kuposa cha wina aliyense chaka chino. Analoza ndi khasu.

"Kuyambira apa mpaka powolokera. Mulifupi mwake mokwanira amuna anayi onyamula machila."

"Amayi, chimangachi chatsala pang'ono. Bwanji tidikire mukolole?"

"Inu ndi ine tadikira mokwanira. Dulani."

Ndinadula. Mizere inayi, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Chimanga chachiwisi chikamadulidwa chimanunkhira ngati chakudya, ndipo dzanja limakana, koma ndinadula. A Likaka anafika akupuma wefuwefu.

"Achemwali, mwapenga? Mukuwononga chakudya!"

"Munda ndi wanga, achimwene. Kapena nawonso uli papepala?"

Anaima pang'ono, anayang'ana ine, anayang'ana mpanda, n'kubwerera. Khonje ndiye anatitengera masiku atatu, ndipo zipsera zake ndili nazo m'manjamu. Amuna anayi amene ananyamula machila aja anabwera okha ndi makasu osaitanidwa. Tsiku lachiwiri, tikupumula, Anambewe ananena osandiyang'ana, "Ndinaimba nthungululu ine tsiku lija." Ine ndinati, "Ine ndinayang'ana nsapato." Basi. Za nkhaniyi sitinayankhulenso china.

Mafuwa tinawapeza m'tchire momwe anawataya, awiri pamodzi, lachitatu kumunsi litamera ndere. Tinawaika pansi pa mango wa Anambewe, pamwamba pa munda, n'kumangapo kachisakasa kokwana anthu asanu. Chitini cha mchere ndinachichotsa m'khitchini ndekha. Msomali ndi womwe uja ndinakhomera Esinati.

Musadzanene kuti tinapambana. Mpanda ulipo, konkire anathira, magetsi akuyaka, ndipo ndalama za anthu zikusamalira nkhono mpaka lero. Njira ya anthu onse yalipiridwa ndi mayi mmodzi wokalamba wa mawondo otupa, ndi mizere inayi ya chimanga chaka ndi chaka. Zimenezo zimandipsetsa mtima kuposa mpanda womwewo, ndipo sindikufuna kuti mtima umenewu uzizire. Koma sabata yatha ndinaona anthu akutsika ndi mayi wina pamachila, ndipo sanazungulire. Ndinalowa m'kalasi n'kutseka chitseko kwa kanthawi.

Ine ndikupita ku Matope, anandisamutsira kusukulu ya kumeneko. Mwayi utsala ndi agogo mpaka umalize pulayimale, monga tinagwirizana, ndipo patchuthi udzatsika. Udzatsike wapansi kamodzi kokha, uone. Munda uja tsiku lina udzakhala wako ndi Chisomo, poti nthaka imayenda mwa akazi. Adzabwera ena, mwina a magalasi pamphumi, mwina achibale, kudzakuuzani kuti mizere inayi ikungowonongeka. Iwe Limbani udzapita kuchikamwini kwina, ndipo tsiku lina udzakhala pabenchi pepala lili m'thumba. Sindikuuza chochita. Ndakuuza chomwe ndinachita ine.

Chimodzi chomaliza, Limbani. Dzana unawotchera chimanga m'kachisakasa muja, iwe ndi anzako, n'kumaliza nkhuni zonse. Ndinakuona. Mwini wake sanafike, akubwera madzulo atanyowa. Pita ukatole ndisanakwere njinga, ndipo zaziwisi ndikana.